Opaleshoni m'mawa, nsima ya madzulo kunyumba

Mayi akauzidwa kuti akufunika opaleshoni ya chiberekero, pakhomo amayamba kulongedza zitenje, beseni, mapoto ndi ufa, kwinaku akusakasaka m'bale woti asiye munda akakhale gadiyani. Onse amadziwa kuti kugonekedwa ndi nkhani ya masiku. Komatu lero alipo maopaleshoni ambiri a amayi omwe wodwala amalowa m'mawa, dzuwa likamapendeka n'kukhala ali panjira yobwerera kwawo.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1909 dokotala wa ku Glasgow, James Nicoll, adalemba za maopaleshoni pafupifupi 9,000 a ana omwe sadagonekedwe. Kumbali ya amayi, zinthu zidasintha ndi njira yotchedwa laparoscopy. M'malo mong'amba mimba, dokotala amaboola timabowo titatu kapena tinayi tosaposa sentimita imodzi ndi theka, amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume, kenako amalowetsa kakamera ndi tizipangizo n'kumagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini. Kurt Semm, dokotala wa amayi wa ku Kiel ku Germany, adanyozedwa ndi anzake pamene ankalimbikitsa njirayi. Pofika 1989, Harry Reich wa ku Pennsylvania ku America adali atalemba za mayi amene adamuchotsa chiberekero mwa njira yomweyi.

Bala likachepa, ululu umachepa, magazi satayika ambiri, ndipo mayi amadzuka msanga. Kudzukako n'kofunika, chifukwa kugona nthawi yaitali kumachititsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Amene wang'ambidwa mimba amatha masabata 6 mpaka 8 asanabwerere pa ntchito zolemetsa, pomwe wa timabowo amachira msangako. Chimene chimadabwitsa ambiri n'kupweteka kwa phewa, pomwe dokotala sadakhudzeko n'komwe: ndi mpweya uja wotsalira m'mimba, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa.

Ku Malawi makina a laparoscopy sapezeka paliponse. Ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima komanso madokotala ophunzira mwapadera. Koma chithandizo cha tsiku limodzi chilipo kale, kungoti anthu sachitcha opaleshoni. Kutseka kwa amayi omwe ana awakwanira kumachitika kudzera pa kabala kakang'ono, mayi atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo a Banja La Mtsogolo akhala akufika nako mpaka kumidzi. Mayi amene wapita padera amatsukidwa m'chiberekero ndi kachipangizo kokoka ndi dzanja, n'kutuluka tsiku lomwelo ngati sadataye magazi ambiri. Poyeza khansa ya khomo la chiberekero, namwino amapaka viniga n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kuwonongeka amayera, ndipo amawotchedwa pompo ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa masekondi osakwana mphindi. Chipatala cha Nkhoma chidayamba kugwiritsa ntchito njira yowotchayi mu 2013, ndipo bungwe la WHO lidatulutsa malangizo oivomereza mu 2019.

Za ndalama nazo zili pawiri. Chipatala chimapulumutsa bedi, chakudya ndi anamwino a usiku, ndipo m'zipatala zolipiritsa bilu imatsika. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma banja limadziwa lokha zomwe limawononga mayi akagonekedwa: thiransipoti, nkhuni, ndiwo za gadiyani, geni yoima sabata yonse.

Vuto lake n'lakuti ntchito imene akadagwira namwino usiku woyamba imagwera a pakhomo. N'chifukwa chake madokotala satulutsa aliyense. Wa matenda a mtima, wa shuga kapena BP yosatsika, wochepa magazi, kapena wa chotupa chachikulu, ameneyo amagona ndithu. Wotuluka ayenera kuyamba wayenda yekha, wamwa madzi osasanza, wakodza, ndipo ululu ukhale woti mapiritsi akuugonjetsa. Ngati adagonetsedwa tulo, pamafunika munthu wamkulu womuperekeza ndi kukhala naye maola 24.

Malamulowa adalembedwa m'maiko momwe ambulansi imabwera ukangoimba foni. Kwa mayi wa kutali, woti adumphe mtsinje wodzaza ndi kukwera kabaza wa njinga yamoto mimba ili ndi ulusi, kugona usiku umodzi pachipatala n'kwanzeru, ndipo dokotala wabwino amafunsa za mtunda asanasaine chikalata chomutulutsa. Kunyumbako asafikire pa mtondo kapena pa chidebe cha madzi. Amene awotchedwa pakhomo la chiberekero amatuluka timadzi kwa masabata angapo, ndipo amalangizidwa kusakhala malo amodzi ndi bambo kwa mwezi. Apa abambo amve bwino.

Mayi akaona magazi ochuluka, thupi kutentha, ukazi wonunkha, mimba kutupa kapena kupweteka kowonjezereka, kulephera kukodza kapena kubanika, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo. Asadikire kuti kuche.