Chingwe chizitha kunena chokha pamene chavuta

Netiweki ikasowa kuno ku Dedza, anthu amangoti yathawa. Ife amisiri timafuna kudziwa kuti yafera pati ndipo yafa ndi chiyani. Mwina magetsi athima pansanja za pamwamba pa phiri la Dedza, mwina wokumba ngalande m'mbali mwa msewu wa M1 wadula faiba, mwina kachipangizo kangopsa. Vuto lililonse lili ndi zida zake, ndipo kukwera phiri lija m'nkhungu ya mu Julayi utasenza zida zolakwika n'kutaya tsiku lonse anthu akulephera kutumizirana ndalama.

Ethernet, njira imene makina athu ambiri amalumikizirana, inabadwira ku Xerox PARC mu 1973, ndipo anaipangira makompyuta oyandikana. Chingwe chikavuta, munthu ankangonyamuka pampando n'kukachiona. Makampani a mafoni atayamba kuifuna pa mitunda italiitali, bungwe la IEEE linayenera kugamula ngati malamulo a Ethernet akhale ndi njira yoyang'anira chingwecho.

Zifukwa zokanira zinalipo. Lamulo lililonse lowonjezera limakweza mtengo wa makina, komanso njira ya SNMP yoyang'anira makina uli patali inalipo kale. Koma SNMP imayenda pa IP, njira yotumizira mauthenga pa netiweki, ndiye IP ikasokonezeka imakhala chete nthawi imene tikuifunitsitsa. Ndipo kampani iliyonse ikadzipangira njira yakeyake, makina a Huawei ndi a Cisco sangauzane kuti chavuta n'chiyani.

Mu 2004 IEEE inavomereza 802.3ah, momwe muli OAM, njira yoyang'anira chingwe ija. Makina awiri a kumapeto kwa chingwe amatumizirana kauthenga sekondi iliyonse, ndipo pakadutsa masekondi 5 osamvana, amadziwa kuti njira yaduka. Amawerenganso mauthenga amene afika owonongeka, choncho faiba yopindika kapena polumikizira pamene palowa fumbi timapagwira pasanafe. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi dying gasp: magetsi akathima, chipangizo chimagwiritsa ntchito kamphamvu kotsala kutumiza uthenga womaliza. Uthengawo ukafika, timanyamula mabatire ndi dizilo wa jenereta. Ukapanda kufika chingwe chili zii, timayamba kuganiza za makina olumikizira faiba.

Chondidandaulitsa n'chakuti IEEE inasiya OAM kukhala yosankha. Makina otchipa ena alibe, ndipo amene ali nayo amafika nthawi zambiri itazimitsidwa. Pogula zida zokaika kuphiri kapena ku Linthipe, ndimayamba ndafunsa ngati zili ndi 802.3ah, mtengo ndimafunsa pambuyo.