Za Mlandu wa Wogulitsa Mowa ku America

Munthu akaledzera nayendetsa galimoto, napha mnzache pa mseu, aliyense adziwa kuti woyendetsayo ali ndi mlandu. Koma nanga uja anamthirira mowa, naona maso ache atafiira ndi lilime litalemera, nathirabe pofuna ndalama? Funso limeneli lasautsa oweruza a ku America zaka zambiri.

Lamulo lakale, lochokera ku England, linkati chopweteka munthu ndiko kumwa, osati kugulitsa. Chotero mwini bala ankatuluka m'bwalo alibe mlandu. Koma m'zaka za m'ma 1800 maboma ena a m'dzikomo anaika malamulo ochedwa dram shop, pakuti dram ndi kamuyeso kakang'ono ka mowa waukali. Mwa malamulowo mkazi wa chidakwa ndi ana ache anali ndi mphamvu yakusumira wogulitsa amene anamwetsa mwamunayo kufikira banja linasowa chakudya.

Pamene magalimoto anachuluka, nkhaniyi inakula. Ku New Jersey mnyamata wa zaka 18, amene lamulo silinamlole kugula mowa, anamwa m'mabala anayi, nayendetsa galimoto, nagundana ndi ina, munthu namwalira. Mu 1959, pa mlandu wa Rappaport ndi Nichols, bwalo lalikulu la New Jersey linagamula kuti eni mabalawo akhoza kuimbidwa mlandu, popeza munthu wanzeru adziwa kuti wogulitsira mowa mwana kapena woledzera aika pangozi onse oyenda pa mseu. Kuweruzaku ndikuyesa kolungama ndithu: wogulitsayo ndiye amene nzeru zache zili zonse pa nthawi imene za womwayo zatha.

Bwalo lomwelo linapitirira mu 1984, pa mlandu wa Kelly ndi Gwinnell, ndi kunena kuti ngakhale mwini nyumba wochereza mlendo, wosalandira ndalama konse, akhoza kulipira ngati amthirira mlendoyo poona kuti waledzera, nadziwanso kuti adzayendetsa galimoto. Apa ambiri anadandaula, nati kodi tidziwerenga zikho za alendo athu? Dandaulo limeneli tilimva ifenso, amene timachita manyazi kumana mlendo chipanda.

Koma maboma onse sanavomerezane. Ku California oweruza anapatsa wogulitsa mlandu mu 1971, koma mu 1978 opanga malamulo anafafaniza chiweruzocho, nasiya mlandu pa iye yekha wogulitsira mwana wooneka kuti waledzera kale.

Ku Canada kunali mlandu wina, wa munthu woyenda pansi. Hotelo ina inamwetsa munthu amene inamdziwa bwino, ndipo ataledzera inamturutsa usiku, iye nagundidwa ndi galimoto pa mseu waukulu. Mu 1973 bwalo lalikulu la dzikolo linati hoteloyo inayenera kumfunira womperekeza, kapena kumgoneka pomwepo, ndipo inalipira gawo la mlanduwo.