Madzi a Mphesa Ophika: Zokometsera Ndiwo Zimene Ziri ndi Phunziro kwa Anthu a ku Kabwe

Caka ndi caka, mvula ikayamba, misika ya m'tauni ya Kabwe imadzaza ndi masuku ndi mango ocokera kumidzi ya m'Cigawo ca Pakati. Zipatso zimaculuka kotero kuti zina zimaolera m'madengu. Kumaiko kumene amalima mphesa, anthu anapeza kale-kale njira yopulumutsira zipatso zotere: amafinya madzi ace, nawaphika kufikira atalimba ngati uci. Njirayi ingathandize mabanja a kuno, koma mbiri yace iri ndi cenjezo limene anthu a ku Kabwe ayenera kulimvetsa bwino koposa ena onse.

M'dziko la Italy madzi a mphesa ophika amachedwa saba, ndipo ku Turkey amawacha pekmez. M'mizinda iwiri ya ku Italy, Modena ndi Reggio Emilia, anthu amapitirira pamenepo. Akaphika madzi a mphesa za mitundu ya Trebbiano ndi Lambrusco, amawathira m'migolo yamatabwa imene amasunga m'cipinda ca pamwamba, pafupi ndi denga, kumene kumatentha m'cilimwe ndi kuzizira m'nyengo yacisanu. M'menemo madziwo amasasa pang'ono-pang'ono. Caka ciriconse mwini wace amatunga pang'ono mu mgolo waung'ono kopambana, nadzazamo zocokera mu mgolo wotsatira, kufikira pa mgolo waukulu umene umalandira madzi atsopano.

Nchitoyi ndi ya anthu odziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Lamulo silola kuti viniga ameneyu, wochedwa Aceto Balsamico Tradizionale, agulitsidwe asanathe zaka 12 m'migolo, ndipo wapamwamba amatha zaka 25. Amagulitsidwa m'timabotolo ta mamililita 100 okha pamtengo wokwera ndithu. M'caka ca 2000 bungwe la maiko a ku Ulaya linateteza dzina lace kuti wina asaligwiritse nchito mwacinyengo. Ophika samthira mumphika uli pamoto, koma amadontheza madontho owerengeka pa nyama yoocha, pa cizi kapena pa zipatso cakudya citapsa kale. Kutsekemera ndi kuwawasa pamodzi ndiko kumadzutsa kukoma kwa ndiwo, monga momwe bwemba amacitira m'phala.

Koma cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Aroma akale, zaka pafupi-fupi 2,000 zapitazo, anali kuphikanso madzi a mphesa ndi kuwathira m'vinyo ndi m'zakudya. Olemba ao awiri, Columella ndi Pliny, analangiza kuti miphika yamtovu ndiyo yabwino koposa yamkuwa, popeza mkuwa unali kuononga kukoma. Cimene sanadziwe n'cakuti madzi owawasa akawira nthawi yaitali amasungunula mtovu wa mumphika. Mankhwala amene amapangika pamenepo ndi otsekemera, motero lilime silicenjeza munthu kuti akudya ululu. Mu 1983 katswiri wobadwira ku Nigeria, Jerome Nriagu, analemba kuti mtovu wotere unadwalitsa olemera ambiri a ku Roma. Akatswiri ena amatsutsa zakuti ndiwo unagwetsa ufumuwo, koma palibe wokana kuti miphikayo inali yoopsa. Ku England nakonso, mu 1767, dotolo George Baker anaonetsa kuti matenda a m'mimba amene anabvuta anthu a ku Devon anali kucokera ku mtovu wa m'zipangizo zofinyira maapozi.

Kabwe ndi mtovu ndi anansi akale. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopa mu 1902, tauniyi ikuchedwa Broken Hill, ndipo njanji inafika mu 1906. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lace linatsalira m'dothi la makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu. Kumeneko ana ambiri apezeka ndi mtovu wopitirira mamaikirogalamu 45 pa desilita imodzi ya magazi, mlingo umene umafuna mankhwala a kucipatala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, umacepetsa magazi, ndipo umabvulaza khanda liri m'mimba. Mu 2016 World Bank inabvomereza ndalama zothandiza boma kupima ana ndi kukonza malo oonongeka m'matauni a migodi, kuphatikizapo Kabwe.

Cifukwa cace mai wofuna kuphika madzi a masuku, mango kapena magwafa ayenera kusamala zinthu ziwiri. Coyamba ndi fumbi. Moto supha mtovu monga umaphera tizirombo. Madzi akamaphwera mumphika, mtovu umatsala, kotero kuti malita atatu akaphwera nkutsala lita imodzi, mtovu wa m'supuni iriyonse umaculuka katatu. Zipatso zitsukidwe bwino ndi madzi oyera zisanasendedwe, ndipo zotola pansi m'makomboni oyandikana ndi mgodi wakale zisiyidwe. Mphika ukhale pamalo osafika fumbi, ndipo wophika asambe m'manja.

Caciwiri ndi poto weni-weniyo. Mapoto ena ochipa a pamsika amapangidwa posungunula zitsulo zakale za galimoto ndi zina zotola kudzala. Mu 2014 akatswiri anapima mapoto otere ku Cameroon, napeza kuti amatulutsa mtovu akaphikiramo zowawasa. Poto wabwino pa nchitoyi ndi wa citsulo cosacita dzimbiri, kapena mphika wadothi wa kumudzi wosapakidwa utoto. Zitini zimene munali penti kapena mafuta a galimoto zisayandikire cakudya konse.

Kaphikidwe kace nkosabvuta. Zipatso zakupsa bwino zimafinyidwa, madzi ace nkusefedwa pa nsalu yoyera. Kenaka amaikidwa pamoto wocepa, poto wosabvundikira, ndi kutakasa kawiri-kawiri ndi mthiko kuti asapserere. Akatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo akumata pa mthiko, apsa. Madzi a ndimu kapena bwemba pang'ono amawapatsa kuwawasa kofunika pa ndiwo. Athiridwe akali otentha m'mabotolo agalasi owiritsidwa, ndi kutseka zolimba. Amenewa sangakhale zaka ngati a ku Modena. Adyedwe m'masabata owerengeka, ndipo botolo lococita cuku litayidwe. Supuni imodzi imakometsa phala la ana, maungu, mbatata, ngakhale nkhuku yoocha.

Makolo a m'makomboni a pafupi ndi mgodi akumbukirenso kuti mwana wodya bwino satenga mtovu wambiri m'thupi monga mwana wanjala. Kapenta, nyemba, mkaka ndi ndiwo zamasamba zimathandiza pa cimeneci. Mwana akamadandaula m'mimba kawiri-kawiri, akamafooka kapena kubwerera m'mbuyo kusukulu, apite naye kucipatala kuti akampime magazi.