Funso Ndilo Limasankha Tchati

Wofufuza za umoyo akamaliza kusonkhanitsa ziwerengero, amatsala ndi ntchito yozionetsa m'njira yoti mkulu wa zaumoyo m'boma azimvetse msanga n'kuchitapo kanthu. Mapulogalamu a pakompyuta monga Excel ndi DHIS2 amajambula tchati cha mtundu uliwonse, koma sauza munthu choyenera. Chimene chiyenera kutsogolera ndi funso limene tchaticho chikuyankha.

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 ukuonetsa bwino zimenezi. Unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Pa mliri ngati umenewu, funso lililonse limafuna tchati chakechake.

Funso loyamba ndi lakuti matenda akukwera kapena akutsika. Apa pamafunika tchati chimene m'munsi mwake mwandandalikidwa masabata motsatizana, ndipo pa sabata iliyonse paima mpiringidzo wosonyeza odwala atsopano. Akatswiri amachitcha epidemic curve. Pa mliriwu, tchati chotere chimaonetsa chimtunda chachikulu mu Januwale 2023, mkati mwa dzinja. Chiwerengero chimodzi cha odwala onse chikanabisa zimenezi, chifukwa chimangokwerabe ngakhale mliri utayamba kuzilala.

Lachiwiri ndi lakuti vuto lakula kwambiri m'boma liti. Tchati cha mipiringidzo, yoyalidwa kuyambira wautali mpaka waufupi, chimayankha bwino, koma pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, mipiringidzo iyambire pa ziro. Ikayambira pa 80, boma la odwala 100 limaoneka ngati lili ndi odwala owirikiza kawiri poyerekeza ndi la odwala 90. Chachiwiri, maboma amasiyana kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ku Likoma kunali anthu osakwana 15,000, pamene mzinda wa Lilongwe wokha unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Odwala 50 ku Likoma ndi nkhani yaikulu kuposa odwala 50 ku Lilongwe. N'chifukwa chake poyerekeza maboma pamagwiritsidwa ntchito chiwerengero cha odwala pa anthu 100,000 alionse.

Lachitatu ndi lakuti matendawo akuchokera pati. Limeneli ndi funso la mapu. Mu 1854, Dr John Snow anatsatira imfa za kolera ku Soho mumzinda wa London, ndipo mapu amene anajambula anaonetsa kuti zambiri zinachitika pafupi ndi mpopi wa madzi wa pa Broad Street.

Nanga tchati chozungulira chodulidwa zigawo? Chimathandiza pokhapokha zigawozo zili zochepa ndipo zonse pamodzi zikukwana 100 peresenti, monga amuna ndi akazi mwa odwala. Maso a munthu amayerekeza kutalika kwa mipiringidzo mosavuta kusiyana ndi kukula kwa zigawo, choncho kuikapo maboma 28 n'kungosokoneza wowerenga.

Kusankha molakwika kuli ndi mtengo wake. Tchati chosocheretsa chingachititse kuti klorini, madzi a m'dripi ndi ogwira ntchito zitumizidwe kumene kuli anthu ambiri m'malo mwa kumene mliri wavuta kwambiri. Motero wofufuza asanatsegule kompyuta, ayambe walemba funso lake m'chiganizo chimodzi, ndipo yankho lake ndilo likhale mutu wa tchaticho.