Ntchito ya msomali umodzi pa phiko la ndege

Phiko la Boeing 737 imene imanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi bokosi lalitali lamphako, lokutidwa ndi malata a aluminiyamu. Ndege ikamauluka, mphepo imapinda phikolo n'kumalipotokolanso. Nanga malata opyapyala chotero amalimba bwanji?

Yankho lili mu nsungwi zimene anthu a ku Khombedza amalukira nkhokwe. Dulani kachidutswa pakati pa mfundo ziwiri, muyese kukapotokola: manja adzangotopa. Kenaka kang'ambeni mbali imodzi m'litali. Tsopano kapotoka mosavuta, milomo iwiri ya mng'aluwo ikutsetsereka, wina chauku, wina chauko. Nsungwi ndi yomweyo. Chachoka ndi kutsekeka kwake. Mphamvu yopotokola imayenda mozungulira khoma lonse, ndipo ikapeza podukira, kulimba kwathera pomwepo. Masamu a zimenezi anawalemba katswiri wa ku Germany, Rudolf Bredt, mu 1896.

Phiko silipangidwa ndi lata limodzi. Pamene malata awiri akumana, kapena pamene lata lagona pa mtanda wa phiko, pamakhala ngati mng'alu uja. Choletsa milomoyo kutsetsereka ndi mariveti, timisomali tofupika tomwe amatiphwatalitsa mbali zonse ziwiri. Mphamvu imachoka m'lata loyamba, imakankha khoma la bowo, imadutsa m'thupi la riveti ngati lumo lofuna kuidula, n'kulowa m'lata lachiwiri.

Riveti iliyonse imanyamula gawo la pakati pa iyo ndi inzake. Mukatalikitsa mpatawo kawiri, katundu wake amachulukanso kawiri. Ikakhala pafupi kwambiri ndi m'mphepete, lata limang'ambika. N'chifukwa chake amakaniko amasiya mtunda wowirikiza kawiri kunenepa kwa rivetiyo. Imodzi ikakhwepa, zoyandikana nayo zimalandira katundu wake ndipo zimatopa msanga. Poyendera ndege, amakaniko amafufuza timizere takuda kumbuyo kwa mitu ya mariveti, chizindikiro chakuti riveti ikugwedera m'bowo.

Pa 28 Epulo 1988, ku Hawaii, denga la Boeing 737 ya Aloha Airlines linasasuka ndege ili m'mwamba. Apa katundu wamkulu sunali wopotokola, koma wa mpweya umene amapopera m'ndege. Komabe njira yake inali yomweyi. Guluu wolumikiza malata osakwana milimita imodzi anali atamatuka, katundu yense n'kutsalira mariveti. Timing'alu tinayambira m'mabowo ambiri, kenaka tinalumikizana. Mwa anthu 95, anamwalira ndi mayi mmodzi wogwira ntchito m'ndegemo, ndipo oyendetsa anakatera ku Maui. Pambuyo pake mmodzi mwa okwera anauza ofufuza kuti anaona mng'alu pafupi ndi chitseko pokwera, koma sanauze aliyense.