Kujambula phunziro pa kanema: njira yoti mphunzitsi adzione yekha pa ntchito

Kujambula phunziro pa kanema ndi njira imene aphunzitsi amaunikira kaphunzitsidwe kawo. Mphunzitsi amaimika foni m'kalasi, amaphunzitsa monga mwa masiku onse, ndipo akaweruka amakhala pansi kuonera. Ali kutsogolo kwa ana, maganizo ake amakhala pa bolodi, pa nthawi ndi pa olongolola, motero zambiri zimamudutsa. Kanema amasunga zonsezo.

Njirayi idamera m'zaka za m'ma 1960 pa yunivesite ya Stanford ku America, komwe Dwight Allen ndi anzake ankapatsa ophunzira zauphunzitsi kaphunziro kakafupi koti aphunzitse ana ochepa, kukajambula, kukambirana, kenaka kukabwereza. Mu 1995 kafukufuku wa TIMSS adajambula maphunziro a masamu ku Germany, ku Japan ndi ku America. Adapeza kuti aphunzitsi a dziko limodzi amaphunzitsa mofanana kwambiri, koma mosiyana ndi a maiko enawo. Izi zidasonyeza kuti kaphunzitsidwe ndi chizolowezi chimene munthu amatengera kwa omwe adamuphunzitsa, ndipo nkovuta kuti mwiniwake achizindikire.

Chimodzi mwa zizolowezi zotere adachitulukira ndi Mary Budd Rowe, yemwe ankamvetsera matepi a maphunziro a sayansi. Iye adapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, nkuloza mwana wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi akazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposa apo, mayankho ankatalika ndipo ana ambiri ankayankha, ngakhale aja osalankhulalankhula.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kumalo ngati Eiffel Flats, kufupi ndi Kadoma m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe. Kumeneku kuli mgodi wa golide wa Cam and Motor, ndipo migodi ya chigawochi mpaka cha ku Chegutu idakoka anthu ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Zidzukulu za matchona amenewo zili m'makalasi lero. Mwana wina amamva Chichewa kwa agogo ake, amasewera m'Chishona, koma mayeso ambiri a bungwe la mayeso la ZIMSEC amalemba m'Chingerezi. Ngakhale malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, mwana wotere amafunikabe kamphindi kosanja yankho lake m'chiyankhulo cha m'kalasi. Mphunzitsi wothamanga amamuyesa wosadziwa pamene iye akusanjabe mawu. Pa kanema, mwana uja amaoneka akutukula mkono pang'onopang'ono mphunzitsi ataloza kale wina.

Kajambulidwe kake nkosavuta. Foni imaikidwa pa shelefu kapena pawindo cha m'mbali, poti ione ana ndi mphunzitsi yemwe. Mawu ndiwo ofunika koposa zithunzi, choncho ndi bwino kuyesa kaye ngati ana a kumbuyo akumveka. Mphindi 10 kapena 15 ndi zokwanira. Sipafunika intaneti kapena bandulo. Chofunika ndi malo mu foni komanso kuitchajiratu, popeza magetsi amathimathima.

Poonera koyamba, ambiri amatanganidwa ndi mawu awo, kaimidwe kawo ndi zovala. Phindu limabwera poonera kachiwiri, munthu atagwira cholembera ndi funso limodzi lokha mwa mafunso onga awa. Ndi ana angati adalankhula? Anyamata angati, atsikana angati? Mphunzitsi adafikako kumzere wakumbuyo? Mafunso ake anali ongofuna "inde" ndi "ayi" kapena ofuna kuti mwana afotokoze? Mayankho amalembedwa ndi manambala, chifukwa kukumbukira kumakondera.

Popeza mutu umodzi susenza denga, kuonera pamodzi ndi mnzake wa pa ntchito kumaonjezera phindu. Ku Japan aphunzitsi ali ndi mwambo wakale wokonzera phunziro limodzi, kulionerera ndi kulikambirana. Dziko la Zambia lidatengera mwambowu mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, kuyambira m'chigawo chapakati. Ku Zimbabwe masukulu oyandikana amakumana kale m'magulu, ndipo kanema wamfupi angathe kukhala poyambira zokambirana zawo. Wothandiza mnzake amafotokoza zimene waona, monga "ana anayi a kutsogolo ndiwo ayankha mafunso onse", m'malo mogamula kuti phunziro ndi labwino kapena loipa.

Pali zoyenera kusamala. M'kanema mumaoneka ana a eni, choncho mphunzitsi wamkulu ndi makolo ayenera kuvomereza kujambula kusanayambe. Zimbabwe ili ndi lamulo la mu 2021 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, kuphatikizapo za ana. Kanema wotere sayenera kuponyedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo amafufutidwa ntchito yake ikatha. Ayeneranso kukhala m'manja mwa mphunzitsi mwini. Akasanduka chida cha oyendera masukulu chopezera anthu zifukwa, aphunzitsi amayamba kukonza maphunziro achionetsero, ndipo kanema sasonyezanso zenizeni.

Gawo lomaliza ndi kusankha chinthu chimodzi chosintha, monga kuwerenga chamumtima mpaka katatu asanaloze mwana, kuchichita kwa masabata angapo, ndi kujambulanso. Kuyerekeza makanema awiriwo ndiko kumasonyeza ngati chizolowezi chasinthadi, komanso ngati ana amene ankakhala chete ayamba kulankhula.