Kaundula wa Zodzoladzola

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, pozindikira kuti botolo lonyezimira silinena zimene lasunga m'mimba mwake, anakhazikitsa lamulo la nambala 1223 m'chaka cha 2009, lakuti kuyambira pa 11 Julaye 2013 chodzola kapena chosambira chilichonse, kaya ndi sopo, mafuta a tsitsi kapena utoto wa milomo, chisaikidwe pamsika kufikira mwini wake atachilembetsa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa CPNP.

M'kaundulamo munthu salemba monga mtima wake ufunira. Chilichonse chili ndi mpata wakewake: dzina la chodzolacho, gulu lake, dziko limene chachokera, dzina ndi keyala ya iye amene adzayankhe mlandu zinthu zikalakwika, chithunzi cha chizindikiro cha pabotolo, ndiponso zosakaniza zake. Ku America nako, lamulo la zodzoladzola lotchedwa MoCRA litasainidwa mu Disembala 2022, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linasankha kalembedwe kotchedwa SPL, komangidwa pa XML, mmene mawu alionse amatsekeredwa pakati pa zizindikiro zonena kuti ili ndi dzina, ichi ndi chosakaniza, kotero kuti kompyuta, imene ilibe chifundo kapena tsankho, imabweza chikalata chopereŵera munthu asanachiyang'ane n'komwe.

Ena amadandaula kuti goli limeneli n'lolemera, makamaka kwa amalonda aang'ono, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti wotumiza mafuta odzola a malambe ku London ndi ku Paris ayenera kulembetsa kaŵiri, popeza kuyambira 2021 Britain ali ndi kaundula wakewake wotchedwa SCPN. Komabe ine mtima wanga uli kwa mayi amene mwana wake wokwaŵa wamwa mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo pakati pa usiku, ndipo wathamangira naye kuchipatala atanyamula kabotolo kopanda kanthu m'dzanja. Dokotala akaimbira foni ku likulu loona za poizoni, akatswiri a kumeneko, amene lamulo la ku Ulaya linawapatsa ufulu wotsegula kaundulayo pa ntchito yochiza yokha, amafufuza dzina la mankhwalawo, naona pomwepo kuti muli zotani ndi zochuluka bwanji, popanda kudikira kuti kuche ndi kuti mwini fakitale atsegule ofesi yake.